Za Milandu ya m'Nyumba ya Amisiri

Pali milandu ina imene sifika ku bwalo la Boma, ndipo ngakhale a nyakwawa aimva mocedwa, komatu ipasula cibale m'mudzi koposa milandu ya malire a minda. Umodzi wa milandu yotere ndiwo wa nyumba ya amisiri, imene anthu ambiri aimanga pamodzi kuti azigwiramo nchito ndi zitsulo za onse. Nyumba zimenezi zaculuka masiku ano kuno ku mapiri a Dedza, zina pa malo a mipingo, zina pa misika, pakuti mnyamata wotsiriza maphunziro a umisiri atuluka ndi pepala la umboni m'manja, koma alibe ndalama zogulira ngakhale nyundo. Ziyamba ndi cimwemwe ndi thobwa. Zikatha zaka ziwiri kapena zitatu, mupeza pa citseko pali maloko awiri, ndi amisiri osalonjerana pa njira. Anthu akamva izi afulumira kunena kuti m'nyumbamo munalowa mbala. Ife tikana. Pa zimene taona ndi maso athu m'nyumba ya kwathu, m'mene anatiika kukhala mlembi cifukwa ca uphunzitsi wathu, mbala ioneka patalipatali. Cimene cidanitsa amisiri ndico malo: cinthu ca uje cigone pati, cigone kufikira liti, ndipo mwini wace akacisiya adzamdzudzula ndani. Tisimba nkhani yace kuti inu abale amene muli kuumba njerwa za nyumba yotere muimve denga lisanakwere.

Makolo athu sanali alendo pa nkhani ya kugwirira nchito pa malo amodzi. Pa cipala, pamene wosula anali kusula makasu, nkhwangwa ndi mipeni, panali kusonkhana amuna a mudzi wonse, wina kubvukuta, wina kudza ndi makala, wina kungootha moto ndi kuceza. Koma cipala cinali ndi mwini wace. Nyundo ndi mbaniro zinali zace, ndi mau otsiriza omwe anali ace. Momwemonso nyumba za nchito za amishoni. Atafika A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok ku Mvera m'caka ca 1889, ndi kutsegulidwa kwa Nkhoma mu 1896, Mlanda mu 1902 ndi Mphunzi mu 1903, nchito za manja zinayamba kuphunzitsidwa pamodzi ndi kuwerenga: kupala matabwa, kuumba njerwa, kusoka ndi kuluka. Ndipo pamene alendo a Phelps-Stokes, mmodzi wa iwo Dr. James Aggrey wa ku Gold Coast, anayendera sukulu za dziko lino mu 1924, anatama Mishoni ya ku Nkhoma cifukwa ca nchito zimenezi. Kunsi kwa mapiri, ku Mua, Bambo Claude Boucher anayamba malo a KuNgoni mu 1976, ndipo mbiri ya osema mitengo a kumeneko yamveka kufikira kutsidya kwa nyanja. Koma m'nyumba zonsezi munali mutu umodzi. Agogo amene anaphunzira umisiri pa mishoni atisimbira kuti woyang'anira anali kuwerenga zitsulo madzulo ali onse, natseka, naika mfungulo m'thumba mwace. Wosamvera anali kumcotsa, mlandu n'kuthera pomwepo. Kwa iwo tinalandira puleni ndi sowo ndi sikweya. Cimene sanatisiyira, pakuti iwo eni sanacisowa, ndico nzeru ya kusunga nyumba imene eni ace ali ambiri, ndipo onse ali ofanana.

Nyumba ya kwathu iri pa malo a mpingo, pafupi ndi sukulu. Ndi ya njerwa zoocha ndi malata, pansi pace pa simenti. M'litali mwace mapazi 30, m'mimba mwace mapazi 15. Muli mabenchi awiri opalirapo, ndi bokosi limodzi lalikulu la zitsulo limene linadza monga mphatso ya abwenzi a kunja. Eni ace anali 14: akulu 8 amene anaumba njerwa ndi kusonkha za malata, ndi anyamata 6 amene analowa pambuyo. Malamulo oyamba anali atatu okha, ndipo anali a pakamwa: wogwira nchito asese, wotenga citsulo abweze, ndipo yense asonkhe pa mwezi. Za malo osungira katundu palibe ananenapo kanthu, pakuti tsiku lotsegulira nyumbayo inali mbee, ndipo munthu polankhula mau ace anali kumbwerera monga m'phanga. Ndani akadaganiza kuti idzacepa?

Tiyambe ndi matabwa, popeza pamenepa pali coonadi cimene osadziwa umisiri aciiwala. Thabwa la paini locokera kwa oceka a ku Chongoni kapena a m'phiri la Dedza lifika liri laliwisi, lolemera ndi madzi. Mmisiri akalipala tsiku lomwelo napanga citseko, citsekoco cikondweretsa mwini wace mwezi umodzi. Pofika Okutobala cang'aluka mipata yoti mwana n'kusuzumirapo, kapena capindika osatsekekanso. Cifukwa cace matabwa ayenera kuyamba auma, ndipo kuumitsa kuli ndi mwambo wace. Sawaunjika pansi monga nkhuni. Ayala mitanda kuti asakhudze pansi, nasanja matabwa mizeremizere, naika timitengo topyapyala pakati pa mzere ndi mzere kuti mphepo izipita. Timitengoto tiyenera kulunjikana, ka pamwamba pa ka pansi, kupanda apo thabwa liwerama pakati. Ndipo pamwamba atsindika ndi miyala. Paini wosanjika moipa acita mawanga akuda amene puleni siikhoza kuwacotsa. Ndiponso kuno kwathu si ku Mtakataka kapena ku Golomoti kumene dzuwa liocha. M'miyezi ya Juni ndi Julayi nkhungu igona pa mapiri kufikira dzuwa litakwera, ndi matabwa auma mwaulesi. Mlombwa ndi mbawa, mitengo yolimba ija, ifuna miyezi yambiri koposa. Potero mmisiri akati, "Matabwa anga sanaume," si nthawi zonse anama iai. Asowadi malo, ndipo awasowa nthawi yaitali. Koma mulu umodzi wosanjika bwino udya malo a kama wathunthu, ndipo makama 14 salowa m'nyumba imene mufunikanso mabenchi ndi njira yopitamo. Oyamba kufika analanda khoma la kumbuyo kouma. Otsiriza, ndiwo anyamata, anatsala ndi pa khomo pamene mvula ilowa ndi mphepo.

Akadakhala matabwa okha, bwenzi atapirirana. Koma m'mudzi wathu wonse, kupatula chalichi ndi sukulu, nyumba imeneyi ndiyo yokha yokhala ndi simenti pansi, malata osadontha ndi loko wolimba. Ndipo cinthu cotere cikopa maso. Dziko lathu lino ndi la mbatata ya kacewere, monga adziwa onse opita pa mseu wa Bembeke ndi Lizulu. Tsiku lina mkulu wina analowetsa matumba 10 a kacewere, nati ayembekeza galimoto ya ku Lilongwe, ndipo adzawacotsa mkuja. Mkuja unafika, galimoto osaoneka. Mnzace ataona kuti palibe wanenapo, anadza ndi matumba a feteleza. Wina cimanga cotongola, wina njinga yakufa. Pambuyo pace amai a mumpingo anabwera ndi miphika yaikulu ya pa misonkhano. Yense anati, "Masiku awiri okha."

Katundu ameneyu sanadya malo okha, anali kudyanso zitsulo. Feteleza, makamaka yureya, akoka cinyontho monga mcere, ndipo citsulo cogona pafupi naye cicita dzimbiri masiku owerengeka. Cimanga ciitana makoswe, ciitananso nankafumbwe. Ndipo nankafumbwe wamkulu uja amene analowa m'dziko lino kudzera ku Karonga kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990 saboola cimanga cokha, aboola ndi mitengo yomwe. Kacewere akaola, pfungo lace tonse tilidziwa. Mnyamata wina analimba mtima, nanjuta, nati, "Agogo, matumba awa atsekereza benchi. Kodi tingawasunthire pa khonde?" Mkuluyo anamyang'ana nthawi, nati, "Mwana wanga, pamene ife tinali kuponda dothi la njerwa za nyumba ino, iwe unali kuthamangitsa ziwala. Lero ndiwe wondiuza poika katundu wanga?" Mau a mkuluyo anali oona, ndipo m'midzi mwathu mau otere atseka pakamwa pa mwana. Koma ife tinena kuti njerwazo anaziumbira nyumba ya nchito, sanaziumbira nkhokwe. Ndipo munthu wopereka cinthu kwa anthu onse ayenera ulemu woposa, inde, koma sakhalanso mwini wace woposa anzace.

Cimene cinayatsa moto cinali cacing'ono. Mnyamata wina wa zaka 17, wamasiye, amene anali kuphunzira, anaiwala sowo panja usiku. Mame anaigwera, kutaca yafiira ndi dzimbiri. Akulu anakhala pansi tsiku lomwelo namletsa kulowa m'nyumbamo mwezi wathunthu. Palibe anatsutsa kuti mwanayo analakwa. Koma sabata lomwelo puleni yaikulu, imene iri imodzi yokha, inasowa m'bokosi. Maso onse anagwa pa anyamata. Anawapisa m'matumba, ndipo wina wa akulu anapita kwa agogo ace a wamasiye uja kukafunsa ngati mwanayo sanagulitsa kanthu ku msika. Patapita masabata atatu puleniyo inabwera m'thumba la mmodzi wa akulu omwe aja, amene anaitenga kukakonzera zitseko kwa apongozi ace kutsidya kwa Linthipe. Anaiika m'bokosi nati, "Pepani, ndinaiwala kukuuzani." Akulu anzace anaseka, nkhani n'kutha. Pepani sapoletsa cilonda. Anyamata sananena kanthu pamaso pa akulu, pakuti analeredwa bwino. Koma Loweruka anasonkherana, napita ku Boma, nagula loko wao, namkoloweka pa citseko pambali pa loko wakale. Kuyambira tsikulo akulu sanakhoza kulowa popanda anyamata, ndi anyamata sanakhoza kulowa popanda akulu, ndipo popeza sanali kulankhulana, sanalowa onse. Nyumba inakhala citsekere masabata asanu. M'masabata omwewo komiti ya sukulu ina yapafupi inali kufuna wopanga madesiki 40, nchito imene ikadadyetsa mabanja 14 m'miyezi ya njala. Inayembekeza, nitopa, nipereka nchitoyo kwa mmisiri wa ku Boma.

Pamenepo ena anati mlanduwu upite ku bwalo la akulu a mpingo, popeza nyumbayo iri pa malo a mpingo ndipo amisiri ambiri ndi akristu. Anafuna kuti anyamata aikidwe pa mwambo cifukwa ca mwano. Ife tinakana, ndipo tikanabe. Mwambo wa mpingo ndi wa zinthu zolemera. Ukayamba kutsikira pa maloko ndi matumba a kacewere upepuka, ndipo tsiku la mlandu weniweni anthu sadzauopanso. Ndiponso atatu a amisiri aakulu aja anali akulu a mpingo omwe; akadakhala oweruza pa mlandu wa iwo eni, monga fisi woweruza mlandu wa mbuzi. Abusa anaona comweco, nabweza mlandu kwa eni ace, nati, "Mukapeza wakuba, mudze naye kuno, koma za poika matabwa mukambirane nokha." Anangopempha a mfumu ndi mkulu mmodzi wosapala matabwa kuti akhale mboni. Msonkhanowo unakhala pansi pa mtengo wa kacere kuyambira m'mawa kufikira ng'ombe zitabwera ku dambo, ndipo a mfumu anayamba ndi funso limodzi lokha: "Kodi lamulo limene linagwira mwana uyu liri pati, kuti ndilione?" Panalibe woyankha, pakuti silinalembedwa pena pali ponse. Linali m'mitima ya akulu, ndipo mtima uyesa mwana wa eni ndi muyeso wina, mnzako wokula naye ndi muyeso wina.

Tisayese kuti bvuto ili ndi la mudzi wathu wokha. Mai wina wophunzira wa ku America, dzina lace Elinor Ostrom, amene analandira mphotho ya Nobel mu 2009, anatha zaka zambiri kufunafuna cifukwa cace cuma ca anthu onse, monga msipu, nkhalango ndi madzi othirira, cionongeka kwina koma kwina cikhala zaka mazana. Anasimba za mudzi wa Törbel ku mapiri a Switzerland, kumene m'caka ca 1517 analemba lamulo lakuti munthu asatumize ku msipu wa onse ng'ombe zoposa zimene akhoza kuzidyetsa yekha m'nyengo ya cisanu. Anasimbanso za alimi a ku Valencia m'dziko la Spain, amene bwalo lao la milandu ya madzi likhala Lacinai pa khomo la chalichi cacikulu, oweruza ali alimi anzao. Ndipo anapeza kuti kumene zinthu zikhalitsa, malamulo apangidwa ndi ogwiritsa nchito eni ace, oyang'anira aikidwa ndi iwo omwe, ndipo cilango ciyamba cacing'ono, cikula pokhapo munthu akabwereza. Amisiri a kwathu sanamva dzina la maiyu; koma tsiku lija pansi pa kacere, atatopa ndi kukangana, anafika pafupi ndi pamene iye anafika.

Anabvomerezana kuti pansi pa nyumba palembedwe mizere ya penti, yense akhale ndi malo ace oyesedwa, ofanana kwa mkulu ndi mwana. Ndipo popeza malo a khoma louma ndi a pa khomo safanana kukoma, azicita maere caka ndi caka. Matabwa atsopano, aja odontha madzi, aziyamba agona pansi pa cisakasa cimene anamanga kumbuyo. Pa mutu pa thabwa liri lonse pazilembedwa dzina la mwini ndi tsiku lolowera. Paini agone miyezi itatu, ndipo mwini mlombwa akafuna nthawi yoonjezera, aipemphe pa msonkhano, asaitenge yekha. Codyedwa, feteleza ndi petulo zisalowe konse, ngakhale usiku umodzi. Pa khoma anakhoma thabwa lalikulu, nalemba cithunzi ca citsulo ciri conse pa malo pace, kotero kuti ngakhale mwana wosadziwa kuwerenga aona madzulo kuti pa malo a nyundo patsala cithunzi cokha. Citsulo cikatuluka cilembedwe m'buku, ndipo cigone kunja usiku umodzi wokha. Maloko awiri aja sanawacotsa, koma anawasandutsa lamulo: mfungulo imodzi kwa mkulu, inzace kwa mnyamata, kusinthana mwezi ndi mwezi. Ici ife tinaciyesa nzeru yoposa zonse za tsikulo, pakuti cimene cinayamba monga mwano cinasanduka mboni ziwiri pa khomo.

Za cilango anakangana kwambiri. Akulu ena anafuna kuti wolakwa azicotsedwa msanga, monga kale pa mishoni. Koma woyang'anira wa pa mishoni akacotsa mwana, mwanayo anali kubwerera kwao kutali. Ife tikacotsa munthu, m'mawa mwace tikomana naye ku dimba, ku maliro, ndi pa benchi limodzi m'chalichi. Tsono anapangana kuti cilango cikwere monga makwerero. Koyamba osunga mfungulo amuuze pambali, kaciwiri anole masowo onse ndi kusesa sabata lathunthu, kacitatu alipire, kacinai apume sabata, ndipo kucotsa munthu kukhale kwa msonkhano wa onse, atayamba amumva iye mwini. Dipo analiika pa mtengo wa kilo imodzi ya misomali, osati pa ndalama yochulidwa, pakuti anakumbuka kuti Kwacha inagwa mphamvu mu Meyi 2022 nigwanso koposa mu Novembala 2023, ndipo dipo lolembedwa m'ndalama lisanduka coseketsa caka cisanathe.

Woyamba kufika pa khwerero laciwiri anali wapampando mwini. Anasiya thumba la feteleza kuseri kwa citseko pothawa mvula, namuuza pambali. Sipanapita mwezi, anagona ndi sikweya kwao mausiku atatu. Mnyamata wosunga mfungulo anadza kwa ife kutada, thukuta liri kamukamu, nati, "Aphunzitsi, abambo aja ndikawauze bwanji ine?" Tinamperekeza. Mkuluyo anamva, nakhala cete nthawi yaitali, nati, "Mwana wanga, mawa ubwere nayo tupa." M'mawa mwace ana a sukulu popita anamuona atakhala pa khonde, mutu wa imvi, ali kunola masowo dzino ndi dzino. Kuyambira tsikulo sitinamvanso mnyamata ali kudandaula ndi lamulo. Komatu sizinathera mokoma zonse. Akulu awiri anakana kulamulidwa ndi mizere ya penti, natola katundu wao, nacoka. Mmodzi wa iwo ndiye katswiri wa mafelemu a mazenera m'dera lonse lino, ndipo anyamata ataya mphunzitsi amene sadzampezanso msanga. Kufikira lero apala pansi pa mtengo kwao. Tikapita pomwepo tilonjerana, koma za nyumba ija sitichula.

Mlandu umene malamulo sanauona unali wa mulu wa mlombwa wogona pa ngodya. Mwini wace anapita ku Johannesburg zaka zitatu zapitazo, monga apita amuna a kuno kuyambira masiku a Wenela; caka coyamba anali kutumiza ndalama ndi mau, pambuyo pace lamya yace inaleka kuyankha. Anyamata anati miyezi itatu yapita kambirimbiri, matabwawo agulitsidwe, ndalama zigule zitsulo. Akulu anati cuma ca munthu wamoyo sacigulitsa iye kulibe, ngakhale atakhala mcona. Ndipo pa ici ife tinaima ndi akulu, pakuti lamulo la miyezi itatu analipangira munthu wapafupi amene akhoza kuuzidwa. Kupereka matabwawo kwa mkazi wace kunalinso ndi zobvuta zace, popeza mwamunayo anali mkamwini pa mudzi pano, ndipo abale ace akadati cuma ca mwana wao cadyedwa ku cikamwini. Potero anatuma mau kwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Atsibweni ace anadza kucokera ku Lobi. Matabwa anawerengedwa pamaso pao ndi pamaso pa mkaziyo, napezeka 22, awiri a pansi atadyedwa ndi ciswe. Ife tinalemba, onse nasindikiza zala. Anapangana kuti anai agulitsidwe kulipira sukulu ya ana ace, otsala akasungidwe kwa atsibweni kufikira mwini adzamveka. Nkhaniyi inadya miyezi iwiri ndi nkhuku imodzi, pamene kugulitsa kukadatha tsiku limodzi. Koma palibe anapita kwa a mfumu kukadandaula.

Watsala mlandu umodzi, ndipo uwu sunathe. Maliro sayembekeza buku kapena msonkhano. Munthu akamwalira usiku, adzukulu agogoda kwa wosunga mfungulo tambala asanalire, ndipo bokosi lifunika dzuwa lisanapendeke. Kale anali kungotenga matabwa a pamwamba pa mulu uli wonse. Mwini wace pofika m'mawa apeza matabwa a citseko cimene analandira kale cikole cace apita ku manda. Kudandaula sakadatha, pakuti ndani adandaula za thabwa pa maliro? Anali kungomeza, nasunga m'mtima. Cifukwa cace anapangana kuti pa mitanda ya denga pazigona matabwa 12 a paini wouma, okwana mabokosi awiri, ogulidwa ndi zosonkha, osakhala a munthu ali yense. Ndipo banja lofedwa lizibweza matabwa ena likakolola. Pa maliro osunga mfungulo atsegula osafunsa munthu, ndipo amisiri apala usiku ndi nyali osalandira kanthu. Mbali imeneyo iyenda bwino. Kubweza ndiko kwabvuta. Mabanja awiri anabweza. Atatu sanabweza, ndipo awiri a iwo ndi a amai amasiye amene cimanga cao ca caka cino sicidzafika Disembala. Msungicuma wagulanso matabwa ena 12 ndi ndalama zimene anasungira puleni yaciwiri. Maina a angongole ali nao m'buku, koma miyendo yace ikana kupita. Anyamata ena ati lamulo limene linagwira wapampando ligwire onse. Ena ati ngongole ya bokosi si ngongole ya sikweya, ndipo matabwa amenewa uzisonkha mudzi wonse kudzera kwa a mfumu, osati amisiri okha, popeza onse adzagonamo. Ife tiri ndi aciwiriwa, ndipo tidzanena comweco pa msonkhano wa Loweruka loyamba la mwezi wa mawa, pamene a mfumu alonjeza kudzakhalapo. Pamene tilemba izi, pa mitanda patsala matabwa 6, a bokosi limodzi lokha.